Kalata kwa a Nduna ya Maphunziro: mwana wogwira mchira nayenso ngwanu

Olemekezeka a Nduna, a Mlembi Wamkulu a unduna, ndi inu akuluakulu a ku Curriculum Development Centre ku Longacres,

Ndikupatsani moni mwaulemu. Ine ndine mayi wa kuno ku Mtendere, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinagwira choko zaka 33, kuyambira kwathu ku Katete mpaka kudzathera m'makomboni a Lusaka, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zomalizira ndinalinso mphunzitsi wa gaidensi, wopereka uphungu kwa ana. Ndalemba m'Chinyanja dala, pakuti mayeso ana athu amalemba m'Chingerezi, koma akalephera amalira m'Chinyanja.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Maphunziro aulere a mu Januwale 2022 anabweza m'kalasi ana amene tinkawabweza pageti chifukwa cha fizi. Ndinawaona ndi maso angawa akubwera, ena atakhala pakhomo zaka ziwiri, yunifomu itawathina. Aphunzitsi oposa 30,000 amene munalemba chaka chomwecho anatipepuzako katundu. Silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025, ya Fomu 1 ija, mdzukulu wanga ali momwemo, ndipo ndamva mukunena kuti tsopano mwana azituluka ndi luso, asamangosenza manotsi. Mpamenepo pomwe ndikufuna kuponyapo langa liwu. Pali luso lina limene ine ndinachedwa kulizindikira, loti mwana adziwe chochita ndi mtima wake zinthu zikamuvuta.

Mu 1998 ndinkaphunzitsa Giledi 6 pasukulu ina ya m'komboni. Tsiku lotsekera temu mumalidziwa: ana onse pa asembule, dzuwa lili paliwombo, mphunzitsi ndi pepala m'manja. Nambala wani, m'manja phwaphwaphwa. Nambala thu, m'manja. Tikatsika mpaka kumunsi, kwa wogwira mchira, sukulu yonse inkafa nako kuseka, ndipo ife aphunzitsi tinkati manyaziwo ndiwo mankhwala a ulesi. Panali mnyamata wina wamtali, wokhala kumbuyo kwenikweni, amene anagwira mchira matemu awiri otsatizana. Temu yachitatu, pamayeso a masamu, ndinamupeza atapinda pepala pakati, ngakhale dzina osalemba. Nditamufunsa anandiyankha mofatsa, popanda mwano: "Madamu, musavutike nane. Ine ndine chikopo." Ndinamukwapula. Nthawi imeneyo chikoti chinali chisanaletsedwe, chinaletsedwa mu 2003, koma sindibisala kuseri kwa lamulo. Ndinamukwapula chifukwa ndinalibe china chimene ndinkadziwa. Chaka chotsatira sanabwerenso.

Patapita zaka ndinakwera basi ya ku Mtendere pa Kulima Tower. Kondakitala ankatolera ndalama mizere yonse, osabweza chenje nthawi yomweyo, kenaka pofika pakati pa ulendo n'kuyamba kubwezera aliyense yake, osaphonya ngakhale ngwee, uku akuitana anthu pawindo, uku akukangana ndi dalaivala. Masamu a m'mutu oti ine mphunzitsi ndikanafuna pepala ndi pensulo. Atafika pa ine anakankha dzanja langa. "Madamu, inu simulipira. Mwandiiwala? Ndine chikopo chanu chija." Anaseka. Ine usiku umenewo tulo sindinatione.

Chimene chinamuchitikira mnyamatayu chili ndi dzina m'mabuku. Mu 1967, ku University of Pennsylvania ku America, Martin Seligman ndi Steven Maier anachita kafukufuku ndi agalu. Agalu ena ankawagwiritsa shoko ya magetsi imene sakanatha kuiletsa, kaya achite chotani. Kenaka anawaika m'bokosi lokhala ndi kampanda kakafupi, koti galu aliyense atha kukalumpha n'kuthawa ululu. Agalu atsopano ankalumpha. Ambiri mwa aja anazolowera kuti palibe chothandiza ankangogona pansi n'kumalira, kampanda kali pamphuno. Nditawerenga zimenezi pamaphunziro a gaidensi, ndinaona pepala lija lopindidwa pakati. Mwana uja sanali waulesi. Tinamuphunzitsa tokha, temu ndi temu, kuti kulumpha n'kopanda ntchito, ndipo phunziro limenelo analikhoza bwino.

Seligman yemweyo, mu 1998, chaka chomwe ine ndinkakwapula mwana wa eni, anakhala mtsogoleri wa bungwe la American Psychological Association. Anadandaula kuti akatswiri a za maganizo ataya zaka zambiri akungofufuza zomwe zimadwalitsa munthu, osafunsa zomwe zimamulimbitsa. Kuchokera pamenepo panakula maphunziro otchedwa positive psychology. Dzinalo lisatiopseze. Mfundo yake njakuti ngati kutaya mtima kumaphunziridwa, chiyembekezonso chitha kuphunziridwa, monga mwana amaphunzirira kupalasa njinga: kuchita, kugwa, kuchitanso.

Ndipereke zitsanzo, mungaganize kuti ndi nkhani ya kuuza ana kuti azimwetulira. Ana awiri alephera masamu. Woyamba mumtima akuti, "Ndine chikopo, ndinabadwa choncho, chilichonse chimandikanika." Wachiwiri akuti, "Mafulakishoni andivuta temu ino, ndipo ndinajomba sabata ziwiri amayi atadwala." Malikisi ndi amodzi, koma woyamba wadzitsekera chitseko, wachiwiri wasiya chotsegula. Mwana atha kuphunzitsidwa kugwira ganizo loyambalo ngati mbala, n'kulifunsa umboni. Kodi n'zoona kuti chilichonse chimakukanika? Nanga amene amawerengera agogo ndalama za tomato pamsika ndani? Chitsanzo china: mu 2004 Seligman ndi Christopher Peterson anandandalika mikhalidwe yabwino 24 imene anthu a mitundu yosiyanasiyana amailemekeza, monga chifundo, kulimbikira, kulimba mtima, chilungamo, nthabwala, kudzichepetsa ndi kuthokoza. Mwana amathandizidwa kupeza zake zimene zili zamphamvu, ndi kuzigwiritsa ntchito dala. Lipoti fomu yathu ili ndi malo a masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndipo pansi pake timalemba kuti alimbikire. Mulibe malo olembamo kuti mwanayu ndiye amaleretsa anzake akamamenyana. Chachitatu n'chophweka mpaka kuchititsa manyazi: madzulo alionse kulemba zinthu zitatu zimene zayenda bwino tsikulo, ndi chifukwa chake zayenda. Pakafukufuku wa mu 2005, anthu akuluakulu amene anachita izi kwa sabata imodzi ankaonekabe opepukidwa mumtima patatha miyezi isanu ndi umodzi.

Ndikudziwa zimene achikulire anzanga anena, chifukwa anandiuza kale kumpingo: izi n'zachizungu, ife tinakula popanda zimenezi. Zoona zake n'zakuti tinakula nazo, kungoti zinalibe dzina la Chingerezi. Madzulo pamoto agogo ankatisimbira nthano, anyamata ankakhala kumphala, mtsikana anali ndi azakhali ndi anamkungwi, ndipo munthu akaferedwa mudzi wonse unkagona pasiwa. Mwana wa mnzako anali wako yemwe. Koma kayendeni ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Misisi. Banja la anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi cha lendi, amayi analawirira ku Soweto Market kusanache, atate abwera usiku kapena sabwera, agogo ali ku Chadiza. Mphala ya mnyamata wa lero ndi kuseri kwa kantemba, ndipo aphungu ake ndi majanki. Komanso tisamakometse zakale zonse. Mawu akuti mwamuna salira ndi akwathu omwe, ndipo amuna ambiri tawaika m'manda ali ndi misozi yosatuluka.

Ana amene ali m'kalasi lero asenza zolemera kuposa msinkhu wawo. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha korona, ndipo ena anabwerera atasiya makolo kumanda. Mu 2024 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu kuchoka pa 8 Januwale mpaka pa 12 Febuluwale, Heroes Stadium itasanduka chipatala, ndipo ana a m'makomboni anaona anansi awo akunyamulidwa osabwerako. Chaka chomwecho chilala, mtengo wa ufa kukwera, magetsi kubwera maola atatu patsiku nthawi zina, mwana wa mayeso akuwerengera tochi ya foni. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali tija, munaletsa mu 2012, koma ludzu lake silinaletsedwe: m'malo mwake mwalowa mankhwala a chifuwa, chamba ndi kubetcha pafoni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pa ana asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19 padziko lapansi, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. M'kalasi la ana 91, longa lomaliza limene ndinaphunzitsa, gawani nokha.

Choncho pempho langa ndi lakuti luso limeneli liphunzitsidwe m'sukulu zathu. Koma ndagwira ntchito m'boma nthawi yokwanira kudziwa mmene chinthu chabwino chimafera, ndiye mundilole ndikhalitse pa mmene mungachiphere.

Njira yachangu ndi kuchisandutsa phunziro la mayeso. Tsiku limene a Examinations Council of Zambia adzaikepo pepala, mphunzitsi adzalemba pabolodi kuti "mitundu isanu ya chimwemwe", ana adzakopera, adzaloweza, kudzatuluka mapamfuleti pa Cairo Road, ena adzayamba kugulitsa likeji, ndipo mwana uja wakumbuyo adzalepheranso, tsopano phunziro la chiyembekezo. Taona kale ana akukhoza bwino maphunziro a chipembedzo m'mawa n'kuba foni masana. Ngati nkhawa yanu ndi yakuti ola limodzi pasabata lidzatsitsa malikisi, dziwani kuti mu 2011 ofufuza anasonkhanitsa zotsatira za mapulogalamu 213 ophunzitsa ana kudzigwira mtima ndi kukhala bwino ndi anzawo, okhudza ana oposa 270,000, ndipo anapeza kuti ana oterowo ankakhozanso bwino m'kalasi kuposa anzawo. Mtima ukakhala pansi, mutu umagwira.

Njira ina yochiphera ndi kugula chinthu chophikaphika kunja, n'kuchipakulira ana onse mbale imodzi. Ku Britain anayesa mosamala kwambiri. Sukulu 84, ana oposa 8,000 a zaka zoyambira sekondale, aphunzitsi ophunzitsidwa bwino kutsogolera ana kukhala chete ndi kutchera khutu ku mpweya wawo. Zotsatira zinatuluka mu 2022: ana amenewa sanasiyane ndi anzawo amene sanaphunzire zimenezo. Ambiri anati zinkawatopetsa, ndipo kunyumba sankazichita. Ngati zinakanika kumene kalasi ili ndi ana makumi atatu ndi kapeti pansi, musayembekeze kuti zidzagwira pamene ana anayi akukanganirana desiki imodzi. Nkhaniyi ndaiika dala, kuti akadzabwera a mabungwe ndi zithunzi zokongola pa wekishopu ya kuhotela, mudzawafunse kuti zinayesedwa kuti, ndi pa ana a yani.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse koposa ndi nkhani ya munthu wogwira ntchitoyi. Ku Bihar, m'dziko la India, dera losauka lokhala ndi makalasi odzaza ngati athu, anayesa pulogalamu yotchedwa SEHER m'sukulu zoposa 70. Inali ndi bokosi loponyamo madandaulo mwachinsinsi, magulu a ana okambirana, malamulo oletsa kuvutitsana, ndi uphungu wa mmodzimmodzi. M'sukulu zina ntchitoyi anaipatsa munthu wamba wophunzitsidwa, wopanda ntchito ina pasukulupo, amene ankamutcha bwenzi. M'sukulu zina anaipatsa mphunzitsi, pamwamba pa mapiriyodi ake. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti kumene kunali bwenzi lija, kuvutitsana kunachepa, kuvutika maganizo kunachepa, ana anayamba kuikonda sukulu. Kumene anasenzetsa mphunzitsi, sikunasinthe kanthu. Pulogalamu imodzimodzi, mabuku amodzimodzi.

Ine sindinadabwe, chifukwa mphunzitsi ameneyo ndinali ine. Mundifunse kuti ntchito ya gaidensi inali yotani. Kulembetsa ana mayeso, kukonza mayina olakwika, kusunga masatifiketi, kupereka zotsatira kwa amene anamaliza kalekale, kudzaza mafomu a atsikana obwerera kusukulu atabereka monga mwa lamulo la mu 1997, zonsezi pamwamba pa makalasi anga a Chinyanja ndi a mbiri. Ofesi yanga inali ngodya ya stafurumu, kuseri kwa kabati. Mtsikana akabwera kudzandinong'oneza kuti amalume ake akumulowera usiku, aphunzitsi asanu ankamwa tiyi potalika mikono iwiri. Ndiponso mwana si wopusa: amene wamulemba ziro ndi inki yofiira m'mawa sangamuululire zamumtima masana. Ambiri ankafika pakhomo, kusuzumira, n'kubwerera. Ena ndinkadzamva nkhani zawo zitafika kale poipa.

Anthu oti agwire ntchitoyi tili nawo, ndipo umboni wake suli kutali. Ku Nairobi, mnyamata wa ku Kenya dzina lake Tom Osborn anayambitsa pulogalamu yotchedwa Shamiri. Achinyamata ongomaliza kumene sekondale amaphunzitsidwa masiku ochepa, n'kumatsogolera timagulu ta ana a sukulu ola limodzi pasabata kwa milungu inayi. Amakambirana zinthu zitatu: kuti nzeru zimakula munthu akamazigwiritsa ntchito, kuthokoza, ndi kuzindikira zimene iwe umaziona zofunika pamoyo. Satchula matenda, choncho palibe mwana amaopa kuti anzake amunena kuti wapenga. Kafukufuku wa mu 2021 m'sukulu za ku Nairobi ndi ku Kiambu anapeza kuti nkhawa ndi kuvutika maganizo zinatsika, ndipo zinakhalabe zotsika patatha miyezi isanu ndi iwiri. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa kiliniki n'kumamvetsera anthu odwala chimene Ashona amati kufungisisa, chomwe ife timati kuganiza kwambiri.

Ndipo muno mwathu mu Lusaka, ofufuza Nava Ashraf ndi anzake anaphunzitsa atsikana a Giledi 8 luso lokambirana ndi akuluakulu: kudziwa chimene iwe ukufuna, kumvetsa chimene winayo akufuna, kupeza pamene mukugwirizana, ndi kumanga njira yokomera nonse. Anakumana kasanu ndi kamodzi kokha ataweruka, m'sabata ziwiri, ndipo owatsogolera anali azimayi achitsikana a konkuno. Kwa zaka zitatu zotsatira, atsikana amenewa anapitirira bwino ndi sukulu kuposa anzawo. Zinachitikira m'sukulu zanu zomwe, a Nduna. Fodya wake ali pamphuno. Tili ndi aphunzitsi ophunzira bwino amene akudikira kulembedwa ntchito, ena akugulitsa salaula. Tili ndi ana a Giledi 12 amene akungokhala pakhomo kudikira koleji. Apatseni maphunziro, kandalama kowasunga, ndi wina wowayang'anira, muwatumize m'sukulu opanda choko kapena inki yofiira m'manja.

Tsopano ndinene chimene chimandiopsa kwambiri pa nkhani yonseyi, chifukwa ndikachibisa ndikhala wabodza. Phunziro la kuthokoza, likagwera m'manja molakwika, limasanduka chotsekera ana pakamwa. Mwana wabwera kusukulu atangomwa zigolo, madzi a shuga, dzulo anagona ndi njala, ndiye wina amuuze kuti alembe zabwino zitatu ndi kuganiza zosangalatsa. Kumeneko n'kumutukwana. Mwana amene akumenyedwa kunyumba safunika kuphunzitsidwa kupirira, afunika kulanditsidwa, ndipo lamulo la Children's Code la mu 2022 likutilamula kutero. Nkhawa ina ndi nzeru: mtsikana woopa njira yamdima yopita kwawo akuopa zoona. Ndiye musalole kuti phunziroli lilowe m'malo mwa phala la kusukulu, zimbudzi zokhala ndi zitseko, madzi, ndi mapadi a atsikana. Ziyendere limodzi. Agalu a Seligman aja anali ndi kampanda koti n'kulumphika. Kumene mpanda uli wautali zedi, ntchito ya boma ndi kuugwetsa, mwana asanauzidwe kuti alumphe.

Palinso ana amene vuto lawo laposa kagulu kokambirana. Ameneyu wasiya kudya, wasiya kulankhula, wayamba kugawa zinthu zake, akunena kuti bola kufa. Mphunzitsi aliyense ayenera kudziwa zizindikiro zimenezi, ndi kudziwa khomo loti agogode tsiku lomwelo. Nambala yaulere ya 116 ya Childline ilembedwe ndi penti pakhoma la sukulu iliyonse, pamalo pomwe timalemba mishoni sitetimenti imene palibe amaiwerenga. Lamulo la Mental Health Act la mu 2019 linachotsa lamulo la atsamunda limene linkatchula odwala ndi mayina onyoza, koma pabwalo la sukulu mawu akuti "upita ku Chainama" akadali chitonzo. Ana auzidwe kuti chimenechija ndi chipatala ngati zina zonse, ndi kuti maganizo amadwala n'kuchira monga chifuwa. Unduna wanu ndi wa zaumoyo mukhalirane pansi, kuti kiliniki ya m'komboni izidziwa kulandira mwana wotumizidwa ndi sukulu, asamangopatsidwa panado.

Za aphunzitsi ndinena mwachidule, chifukwa mabungwe awo ali ndi pakamwa. Mphunzitsi amene peyisilipi yake yadyedwa ndi ngongole, wa kaloba akumudikira pageti, ana 90 akumudikira m'kalasi, sangagawe mtendere umene iye alibe. Zimene mukufuna ana aphunzire ziyambire ku Chalimbana, ku Kwame Nkrumah, ku UNZA ndi m'makoleji onse, ndipo wophunzira uphunzitsi aziyese pa moyo wake asanaime nazo pamaso pa ana.

Zina mwa zimene ndikupempha sizifuna ngwee. Kalata imodzi yochokera kulikulu kupita kwa a DEBS, akuluakulu a maphunziro m'maboma, itha kuthetsa mwambo woitana manambala pa asembule ndi kukhazika ana m'kalasi monga mwa malikisi, anzeru kutsogolo, otsala kumbuyo. Mwana alandire zotsatira zake m'manja, ndipo zimuuze ngati wakwera kapena watsika poyerekeza ndi temu yatha. Kalata yomweyo itha kunena kuti ola la zamumtima lizichitika m'chilankhulo chimene ana amasewerera, kaya Chinyanja, Chibemba kapena chosakaniza chathu cha mu Lusaka, popanda wolemba mayina a olankhula vanakyula. Zina zifuna ndalama pang'ono. Thumba la CDF, la chitukuko cha m'madera a aphungu, munalikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lagula madesiki ambiri. Pasukulu iliyonse limangeko kachipinda kamodzi kokhala ndi chitseko chotsekeka ndi mipando iwiri, ndipo ahedi achenjezedwe kuti asadzasungiremo simenti. Mphunzitsi wa gaidensi mumuchotsere mapiriyodi, ndipo za mafomu a mayeso mupatse kalaliki. Musayambe dziko lonse tsiku limodzi ndi matisheti ndi bandi. Sankhani sukulu zingapo mu Lusaka ndi zingapo kumudzi, itanani ofufuza a ku UNZA ayeze asanayambe ndi pambuyo pake, ndipo zikakanika mutiuze poyera monga anachitira a ku Britain.

Zaka zanga zomaliza ndinayesako ndekha, mwaumbuli wanga. Lachisanu lililonse, piriyodi yomaliza, ndinkasiya silabasi. Tinkagwiritsa ntchito masamba akumbuyo a makope akale. Sabata yoyamba ana analemba zondisangalatsa ine: ndikuthokoza Mulungu, makolo ndi aphunzitsi. Ndinawauza kuti sindichonga, sindiwerenga pokhapokha mwini atafuna. Pang'onopang'ono zinayamba kutuluka zenizeni. Wina analemba kuti madzi anabwera pampopi asananyamuke, ndiye anasamba. Wina kuti atate anabwera osaledzera ndipo anafunsa za sukulu. Tsiku lina ndinati aliyense alembe kapepala kwa mnzake amene anamuchitirapo chabwino. Mtsikana wina wosalankhula, amene ine ndinkamuona ngati mulibe, analandira timapepala khumi ndi tiwiri. Kunapezeka kuti ndiye ankagawira anzake zitumbuwa pabuleki, ndiye ankaperekeza odwala kunyumba. Ine mphunzitsi wa kalasi sindinkadziwa, chaka chonse. Sindinganene kuti malikisi anakwera chifukwa cha zimenezi, sindinayeze. Chimene ndinaona n'chakuti Lachisanu ana anasiya kuthawa pabuleki, ndipo atatu anabwera kuseri kwa kabati kuja ndi nkhani zimene zinafunika a Victim Support, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Musatume munthu kuti akakuonereni, a Nduna. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tsiku lina siyani galimoto ya mbendera, mulowe pasukulu ya m'komboni nthawi imene a m'mawa akutuluka ndi a masana akulowa, mupemphe kiyi wa chipinda cha gaidensi, muone mmene anthu ayang'anirane. Kenaka mukakhale pa desiki yakumbuyo, mufunse amene mwakhala naye kuti amadziwa kuchita chiyani bwino. Akayankha kuti palibe, musafulumire kuchoka.

Mnyamata wanga uja ndimakumana naye. Tsopano ndi dalaivala, ndipo mpaka lero salola kuti ndilipire. Ndinamupepesa tsiku lina basi itaima pa Mtendere, anthu atatsika. Anangoti, "Zinapita, Madamu." Mwana wake wamkazi analowa Fomu 1 pamodzi ndi mdzukulu wanga. Anandiuza kuti tsiku lotsekera temu iye sagwira ntchito m'mawa, ngakhale bwana wa basi akalipe. Amakaima pageti la sukulu kudikira mwanayo, kuti kaya watuluka ndi nambala yanji, munthu woyamba kumuona akhale atate ake.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mtendere, Lusaka